Ndinamubisira Mng'ono Wanga Kiyi wa Chimbudzi

1

Pa fakitale yathu yosoka mayunifolomu ankanditcha Mphuno. Pamaso panga ankati akapitawo, koma ndikangopotoloka dzinalo linkayenda kuchokera pa makina oyamba mpaka omaliza. Sindinkadandaula nalo chifukwa linali loona. Ndinkatha kulowa m'holo m'mawa n'kudziwa amene wabwera osasamba, amene wabwereza bulauzi ya dzulo, ndi amene wabisa nsomba yokazinga m'chikwama. Kapu yanga ya tiyi ndinkaitsekera m'kabati. Munthu akayetsemulira pafupi ndi tebulo langa, ndinkalipukuta iye akuona.

Kiyi wa chimbudzi cha amayi ndinkasunga ine. Eni fakitale anati osoka amataya nthawi kumeneko, ndiye anakhoma loko pachitseko, kiyi n'kumangirira ku chithabwa chofiira chachitali ngati mkono kuti wina asamayende naye m'thumba. Wofuna kukadzithandiza ankakweza dzanja, ine n'kugwedeza mutu, iye n'kudzatenga chithabwacho n'kudutsa nacho pakati pa anzake makumi anayi. Holo yonse inkadziwa kumene ukupita, inkadziwanso kuti wakhalitsako bwanji. Ine lamulo limeneli ndinkalikonda.

Pa makina a namba naini pankakhala mng'ono wanga. Kwathu tinabadwa awiri, ine wachisamba, iye wamzime, ndipo dzina loti Mzime linangomukanirira mpaka kukula. Tinasiyana zaka khumi. Amayi atamwalira ndine ndinamulera, ndine ndinamuphunzitsa kuponda makina, ndinenso ndinamupezera ntchitoyo, ndipo sipankatha mwezi ndisanamukumbutse zimenezi. M'mimba ndi m'chipala: ine pakamwa sipatsekeka, pamene iye ukhoza kumuponda phazi, wopepesa n'kukhala iyeyo.

Amuna anga ankagwiranso ntchito pomwepo ngati makaniko. Kachipinda kawo kosungiramo zitsulo kanali kuseri kwa holo, moyang'anana ndi zimbudzi. Zimenezi muzikumbukire, chifukwa ine ndinazikumbukira mopitirira muyezo.

2

Zinayamba ndi dzanja. Kale Mzime ankalikweza kawiri patsiku ngati wina aliyense. Kenako kunali kasanu, kenako kasanu n'katatu, mpaka utoto wa chithabwa unayamba kufufuka pamalo amene ankagwira. Nkhope inayamba kuonda, masaya kulowa, koma madiresi akuvala otayirira ngati obwereka. Nthawi ya nkhomaliro sankakhala nafe. Akati walawa kanthu, ndiye buledi wouma ndi madzi. Kawiri konse ndinamumva akusanza.

Pa makina a namba folo pankakhala mayi wina amene tinkamutcha Wailesi, chifukwa sankafuna mabatire kuti ayambe kulankhula. Tsiku lina anabwera kudzapempha ulusi, n'kuwerama pafupi ndi khutu langa.

"Akapitawo, si kuti ndikunena kanthu ayi. Koma mwaona kuti chithabwa chikanyamuka ndi namba naini, amakaniko nawonso sakumaoneka m'holo muno?"

Ndinamuuza kuti asoke zake. Koma kuyambira tsiku limenelo maso anga anasiya kuyang'ana makolala okhota, n'kuyamba kuyang'ana chitseko chakuseri. Nthawi zina amuna anga ankakhala ali m'holo momwemo, atagona pansi pa makina a wina, ndipo masiku oterowo sindinkawawerengera. Ndinkawerengera okhawo amene sanalimo.

Lachiwiri lina ndinamutsatira. Ndinawapeza ataima pakanjira ka pakati pa zimbudzi ndi kachipinda ka zitsulo, amuna anga akumupatsira kanthu kokulunga m'pepala lakuda la pulasitiki. Atandiona, Mzime anakabisa kumbuyo ngati mwana amene waba shuga. Amuna anga anati ndi mabobini okulungirapo ulusi. Ndagwira ntchito yosoka zaka makumi awiri, sindinaonepo munthu akubisa mabobini kumbuyo.

Kunyumba nditawapanikiza, anangoti mng'ono wanga ndizimufunsa mwaulemu, osati ngati wapolisi, mwina akhoza kundimasukira. Mawu amenewo anandiwawa kuposa mbama. Iwo ndi ndani kuti andiphunzitse kulankhula ndi mwana amene ndinalera ndekha? M'mawa mwake ndinamufunsa ngati wapolisi yemweyo kuti m'chimbudzi muja anabisamo chiyani. Iye anati m'mimba mwangomuvuta pang'ono. Ndinamufunsa ngati m'mimba mumavuta pang'ono miyezi inayi. Anayang'ana singano yake n'kupitiriza kusoka.

3

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linali Lachinayi. Tinali ndi mayunifolomu a sukulu ofunika kuchoka Lachisanu, ndipo pofika teni koloko Mzime anali atanyamula chithabwa katatu. Atachibweza kachitatu, ndinachilowetsa m'kabati momwe munkakhala kapu yanga, n'kukhoma.

Sipanatenge nthawi, dzanja linakwera. Ndinayang'ana kumbali. Linakhalabe m'mwamba, ine ndikuwerenga mabatani amene ndinali nditawerenga kale. Kenako anachita chimene palibe ankachita: anadzuka popanda chilolezo n'kubwera patebulo langa. Thukuta linali ndondondo pamwamba pa mlomo wake.

"Asisi, chonde."

"Pano palibe asisi. Pali akapitawo."

"Akapitawo, chonde. Kiyi."

"Watayika. Udikire belu la nkhomaliro." Ndinakweza mawu kuti a mzere woyamba amve. "Kapena amene akukudikira kuseriko sangapirire?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anabwerera pang'onopang'ono, akugwirira matebulo a anzake, n'kukakhala pansi.

Patapita mphindi ngati makumi awiri, makina a namba naini anazima. Fungo linandipeza ndisanadzutse mutu. Ndinaimirira n'kufunsa mokweza kuti ndani wabweretsa khoswe wakufa muno, ndipo ndinatenga botolo la mankhwala ophera fungo n'kuyamba kupopera mzere wonse, amayi akuseka, ena akudzipepesera ndi nsalu zimene ankasoka. Mzime anali atatsamiritsa chipumi pa makina, manja ali pamiyendo, osagwedezeka.

Makaniko amamva makina amene asiya kulira ngati mmene mayi amamvera mwana amene wangoti zii. Amuna anga analowa ndi bokosi lawo la zitsulo n'kulunjika pa namba naini. Anawerama, ananong'ona kanthu, kenako anavula jekete lawo lalitali la ntchito n'kumukulunga nalo m'chiuno, n'kumanga mikono yake kutsogolo. Anamudzutsa, n'kutuluka naye pachitseko chakuseri, dzanja lawo lili paphewa pake. Atabwerera ananyamula mpando wa namba naini, nati mwendo wake wathyoka, n'kutuluka nawo osandiyang'ana.

Wailesi anangoti "Mmm," n'kuponda makina ake.

Amayi makumi anayi ankandiyang'ana mwakabisira. Ine chimene ndinkaona ndi jekete lija, limene ndinalisita ndi manja anga Lamlungu, lili m'chiuno mwa mkazi wina pamaso pa anthu. Ndinamva nseru, ndipo ndinadziuza kuti nseruyo ndi ya uve wa anthu awiriwo.

4

Lachisanu Mzime sanabwere, Lolemba chimodzimodzi. Lachiwiri m'mawa amuna anga anaika mapepala awiri patebulo langa: kalata ya dokotala ndi fomu ya tchuthi cha matenda.

Fomu imeneyi inali ndi malamulo ake. Pankafunika kusaina anthu atatu: dokotala, wodwala, ndi kapitawo. Ikapanda kufika ku ofesi ya antchito pasanathe masiku asanu ndi awiri ogwira ntchito, munthuyo ankatengedwa kuti wathawa ntchito, makina ake n'kupatsidwa kwa wina. Awiri anali atasaina kale. Kalata ya dokotala inkangoti wodwalayu sangagwire ntchito kwa milungu isanu ndi itatu. Dzina la matenda panalibe.

"Mng'ono wanu ali m'chipatala, mayi. Musaine, ndipo mupite mukamuone."

"Akudwala chiyani?"

"Akakuuzani yekha. Ine ndinalonjeza."

"Munalonjeza? Ndimayesa malonjezo anu munapereka kwa ine kutchalitchi."

Anapukusa mutu n'kubwerera ku zitsulo zawo. Fomuyo ndinailowetsa m'kabati, n'kuikapo kapu yanga pamwamba.

Tsiku lililonse ankandifunsa ngati ndasaina. Funso lililonse linkandithira mchere pabala, chifukwa munthu amene sankakumbukira ngakhale tsiku limene tinakwatirana tsopano ankawerenga masiku a fomu ya mkazi wina. Tsiku lachinayi ndinawauza kuti ndapereka kale, ndipo anandithokoza. Ananditengera ndi madzi osamba kubafa.

Wailesi sanagone. Anabwera ndi nkhani yoti mlamu wake, amene amagulitsa m'sitolo ya mankhwala, wakhala akuona amakaniko akugula matewera. Iye anati anthu ena sachedwa kukonzekera, ndipo mwina mimbayo yavuta, madokotala amugoneka kuti isachoke. Kusanza, madiresi otayirira, kuthamangira kuchimbudzi, buledi wouma: zonse anazisanja bwinobwino ngati mabatani a malaya. Sindinafunse kuti matewerawo anali aakulu bwanji.

Bwana wa ofesi ya antchito atandiitana kudzafunsa za namba naini, ndinati sindinalandire uthenga uliwonse. Iwo anadabwa, nati kodi si mng'ono wanga ameneyu. Ndinayankha kuti ntchito ilibe chibale, ndipo anandiyamikira kuti akapitawo ngati ine ndi osowa. Masiku aja atatha, pa namba naini anakhazikapo mayi wina watsopano. Bwana anandipatsa envulopu ya kalata yochotsa Mzime ntchito kuti ndikapereke, poti nyumba yake ndinkaidziwa. Ndinailandira ndi manja awiri.

5

Loweruka masana ndinamva kuti Mzime watuluka m'chipatala. Ndinavala nsapato zanga zakutchalitchi, envulopu m'chikwama, n'kudutsira kwa azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo athu, kuti akakhale mboni. M'njira anandiuza kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, nkhani ya pachibale imafuna kudekha. Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Mzime ankachita lendi chipinda chimodzi pamdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi, mpopi uli pakati pabwalo. Amayi anayi ankachapa pamenepo. Pakhomo la mng'ono wanga panali patatsamira njinga ya amuna anga, amene m'mawa anandiuza kuti akukasaka malamba a makina.

Kudekha konse kunathera pa njingayo. Ndinaitana amayi aja kuti asiye zochapa adzaone mwana amene ndinamulera ndi manja anga, lero wandilanda mwamuna. Anabwera thovu lili m'manja. Ndinakankha chitseko osagogoda.

Amuna anga anali atagwada pakhoma, akukhomerera chogwirira chachitsulo pafupi ndi bedi. Pampando panali mayi wina wachikulire wa chipinda choyandikana, atagwira kapu ndi supuni. Mzime anali chigonere, bulangete lili mpaka pachifuwa. Nkhope yake inali itatha moti ndinaona mafupa a amayi athu.

"Aonetse azakhali mimbayo," ndinatero.

"Asisi, musakoke."

Ndinakoka. Zala zanga zinagwira bulangete pamodzi ndi chinthu china chofewa, chofunda, chimene chinali pansi pake, ndipo ndinamva chikumatuka.

Panalibe mimba. Panali pamimba pophwa, pokhala ndi chilonda chosokedwa kuchokera pamchombo kutsika. Cha kumanja kunali kanyama kofiira, konyowa, kotuluka pakhungu ngati kaphwetekere. Chimene ndinamatula chinali thumba lapulasitiki limene linamatidwa pamenepo, ndipo linali litadzaza. Zam'kati mwake zinayenderera pashiti, pamkono wanga, mpaka pansapato zanga zakutchalitchi. Kanyama kaja kankapitirizabe kutulutsa, mwini wake alibe mphamvu yokaletsa. Anangotembenuzira nkhope kukhoma.

Amayi a pakhomo anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Azakhali anakhala pansi, pasimenti pomwepo. Amuna anga anatuluka kuti mlamu wawo asamalidwe, n'kutseka chitseko. Ine ndinathamangira pakona n'kusanza, ndipo palibe anandigwira msana.

Mayi wachikulire uja anaika kapu ndi supuni pambali. Anakoka beseni pansi pa bedi, anamupukuta Mzime ndi madzi ofunda, anadula thumba lina ndi sizasi n'kulimata bwinobwino, n'kusintha shiti. Manja ake ankadziwa ntchitoyo. Atamaliza ndi pamene anandifotokozera, osakweza mawu, ngati akuuza mlendo njira.

Anati ndi matenda a zilonda za m'matumbo, amene amagona n'kudzukanso, osatheratu. Mzime wakhala nawo zaka zitatu, akutsegula m'mimba ndi magazi omwe. Matewera anali ake, oti amuthandize kumaliza tsiku kuntchito, koma Lachinayi lija anali atamuthera. Alamu ake anadziwa chifukwa tsiku lina anamupeza atagwa pakhomo la chimbudzi, ndipo anawalumbiritsa kuti asauze munthu. Lachisanu lija anakomoka, madokotala n'kudula mbali ina ya matumbo. Thumbalo akhala nalo miyezi yambiri, mwinanso moyo wonse. Amene anamudikirira m'chipatala masiku onsewo anali mayiyo, munthu wapadera, wongoyandikana naye khoma.

6

Nditasamba m'manja katatu, ndinaima kumiyendo kwa bedi. Ngakhale pamenepo ndinkafunabe kuti wolakwa akhale wina.

"Zaka zitatu, Mzime? Kuuza alamu ako, kuuza anthu apadera, ine mkulu wako osandiuza?"

Anatembenuka. M'maso mwake munalibe misozi.

"Ndinaona mmene munkawachitira amayi."

Ndakuuzani kuti amayi atamwalira ndine ndinalera mng'ono wanga. Nkhani imeneyi ndaikamba kwa aliyense wofuna kumva, kuntchito ndi kutchalitchi komwe. Chimene sindinakambepo ndi zaka ziwiri amayi asanamwalire. Anadwala m'mimba ngati momwemu, ngakhale nthawi imeneyo palibe anatiuza dzina lake. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, Mzime khumi ndi ziwiri. Ndinkalowa m'chipinda mwawo nditamanga nsalu pamphuno. Mbale yawo ndinkaiika pakhomo n'kuikankha ndi phazi. Kapu yawo ndinaimanga kaulusi kuti isasakanikirane ndi zathu. Zofunda zawo ankachapa ndi mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, asanapite kusukulu, manja mpaka kusupuka ndi sopo.

Tsiku lina kunabwera mnyamata amene ankandifunsira, ndipo anakhala pabalaza akupotokola mphuno. Atapita ndinaima pakhomo la amayi n'kunena kuti akununkhitsa nyumba yonse, ndipo chifukwa cha iwo sindidzakwatiwa. M'mawa mwake anapempha kuti tiwasamutsire m'kachipinda kakuseri kosungiramo makasu ndi matumba, ndipo ine ndinanyamula mphasa yawo mwachangu. Anamwalira mmenemo patapita miyezi isanu, Mzime yekha ali pambali pawo.

Tsopano ndinene chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Lachinayi lija, fungo litandipeza patebulo langa, ndinalidziwa. Ine ndine Mphuno, sindisokoneza khoswe wakufa ndi munthu wodwala. Linali fungo la m'chipinda cha amayi, la magazi osakanikirana ndi zoipa, ndipo ndinalizindikira ndisanaimirire n'komwe. Ndinalidziwanso miyezi ya m'mbuyomo, pa chithabwa chimene ankandibwezera. Koma mng'ono wodwala akanafuna kuti ndimuchapire, pamene mng'ono wakuba mwamuna ankangofuna kuti ndimude. Ndinasankha chopepuka, ndipo Wailesi anangondithandiza kuchinyamula.

Azakhali, pofuna kuziziritsa zinthu, anati tithokoze kuti tchuthi chinatheka, mwanayu akachira akapeza ntchito yake ili pomwepo. Amuna anga anali atalowanso, ataima pachitseko. Maso awo anagwera pachikwama changa, chimene chinatseguka pamene ndinkasanza. Envulopu za fakitale yathu zili ndi mzere wobiriwira m'mphepete, sungazisokoneze. Anaisolola, n'kuwerenga ataimirira.

"Munati munapereka, mayi."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Mzime anatambasula dzanja, iwo n'kumupatsa kalatayo. Anaiwerenga mpaka pansi, anaipinda kanayi, n'kuilowetsa pansi pa pilo.

Pamenepo ndinagwada. Ndinalira, ndinapepesa, ndinalonjeza kuti ndikonza zonse, kuti ndimutengera kwathu, ndizimusambitsa, ndizimuchapira, chilichonse chimene anganene ndichita. Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako analoza beseni lija, limene linali pafupi ndi bondo langa, muli thumba lakale, nsanza ndi madzi ofiirira.

"Katayeni icho."

Ndinawerama kuti ndilinyamule. Mulungu ndi mboni, ndinkafuna kulinyamula. Koma pamene dzanja lamanja linkagwira m'mphepete mwa beseni, lamanzere linakwera lokha n'kukatseka mphuno. Ndinalitsitsa msanga, koma onse anali ataona.

"Siyani, asisi," anatero Mzime mofatsa. "Mungadetse zovala."

Mayi wachikulire uja anandilanda besenilo n'kutuluka nalo.

7

Lolemba ndinatulutsa fomu m'kabati. Inali ndi chizindikiro chozungulira cha tiyi pamene pankakhala kapu yanga. Ndinasaina, n'kupita nayo kwa bwana wa ofesi ya antchito, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira pa chithabwa mpaka pa bodza lija loti sindinalandire uthenga. Anandiyang'ana mmene ine ndinkayang'anira anthu obwera osasamba.

Popeza chidindo cha dokotala chinkaonetsa tsiku, kalata yochotsa ntchito anaifafaniza m'mabuku awo, tchuthi n'kuvomerezedwa. Ine anandivula ukapitawo tsiku lomwelo n'kundibwezera pa makina. Amene anatenga tebulo langa, kabati yanga ndi chithabwa chofiira ndi Wailesi. Tsopano ndikafuna kukadzithandiza ndimakweza dzanja, iye n'kuyamba wamaliza nkhani imene akukamba, kenako n'kugwedeza mutu. Ndimadutsa ndi chithabwacho pakati pa amayi makumi anayi, ndipo dzina loti Mphuno salinenanso kumbali.

Mzime anabwerera milungu isanu ndi itatu ija itatha. Anapempha kuti amusamutsire ku nyumba ina ya fakitale yathu, kopakira katundu, kumene chimbudzi chilibe loko. Wanenepako pang'ono, ndipo ndimamumva akuseka ndi anzake. Tikakumana pageti amandipatsa moni waulemu wonse, ngati umene umapatsa mayi amene sukumudziwa dzina. Mawu oti asisi ndinawamva komaliza pa beseni paja. Amuna anga tikukhalabe limodzi, koma jekete lawo la ntchito amachapa ndi kusita okha.

Inu amene mukuwerenga, pantchito panu pali wina amene amatuluka pafupipafupi, amene wasiya kudya ndi anzake, amene wabweretsa kalata ya dokotala yopanda dzina la matenda. Musamufunse ngati wapolisi, ndipo Wailesi wa kwanuko musamubwereke khutu. Matenda ena munthu sangawatchule pagulu, amangopempha kiyi. Koma wodwalayo akakhala m'bale wanu, n'kusankha kuuza munthu wapadera m'malo mwa inu, musathamangire kumukwiyira. Yambani mwadzifunsa kuti anakuonani mukuchita chiyani tsiku lina, inu mukuganiza kuti ndi mwana sakuona.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Changa chinaola, ndipo ndine ndinachioletsa. Mphuno yanga ikadali yakuthwa ngati kale, imandiuzabe amene wabwereza bulauzi ndi amene wabisa nsomba. Koma pali fungo lina limene ndimadzuka nalo, kupita nalo kuntchito n'kubwera nalo, ndipo ndasintha sopo katatu osachoka. Limenelo si la amayi, si la Mzime. Ndi langa.